Zilembo, zojambula ndi mitundu: mafunso amene ophunzira za luso amafunsa kawirikawiri

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kwa ophunzira amene apatsidwa ntchito ya teremu yonse, monga kupanga positala, chikuto cha buku la nthano, kapena chizindikiro chomata pa botolo la chiponde. Tayamba ndi osavuta. Yankho likakhudza nkhani yomwe tafotokoza pena, takulozerani komweko.

Kodi typography n'chiyani? N'chimodzimodzi ndi kukhala ndi dzanja labwino polemba?

Ayi. Pali ntchito zitatu zimene anthu amaziphatikiza. Yoyamba ndi kulemba mokongoletsa ndi cholembera kapena bulashi, chilembo chilichonse n'kutuluka kamodzin'kamodzi dzanja likuyenda. Yachiwiri ndi kujambula zilembo monga mmene mungajambulire nyumba: kuika mizere, kufufuta, kukonza, kenako kudzaza penti. Amene amalemba zikwangwani pa magolosale ndi pa malo ometera amachita zimenezi. Yachitatu, yomwe ndi typography yeniyeni, ndi kusanja zilembo zopangidwa kale: kusankha fonti (kapangidwe ka zilembo), kukula kwake, ndi mipata ya pakati pa zilembo, mawu ndi mizere. Ku Ulaya ntchitoyi inakula cha m'ma 1450 pamene Johannes Gutenberg anayamba kusindikiza ndi zilembo zachitsulo ku Mainz. Wophunzira ayenera kulawa zonse zitatu, koma adziwe imene akuchita pa tsamba lililonse.

Aphunzitsi akangoti "yesererani", amatanthauza chiyani kwenikweni?

Amatanthauza kuti mudzifunse funso limodzi, musinthe chinthu chimodzi, ndipo muone chimene chachitika. Ophunzira ambiri amasintha fonti, mtundu, pepala ndi chithunzi nthawi imodzi. Chachiwiricho chikaoneka bwino kuposa choyamba, sadziwa chimene chathandiza, ndiye sangathe kuchibwereza.

Tinene kuti mukupanga chikuto cha nthano ya Kalulu. Lembani mawu akuti KALULU kasanu ndi kamodzi ndi inki yakuda pa pepala lomwelo, kukula komweko, koma chipangizo chosiyana: bulashi, kamtengo kosongola, nthenga ya nkhuku, chala, chidutswa cha katoni, mswachi wakale. Sankhani chimodzi. Tsopano chipangizo chikhale chomwecho, musinthe kukula kokha. Mukatha apo musinthe mtundu wokha. Pofika tsamba lachinayi mudzakhala ndi njira yooneka ndi maso, yochoka pa funso n'kufika pa chimene mwasankha. Ntchito yomaliza iyenera kuoneka kuti ndi mwana wa masamba amenewa.

Ochonga amayang'ana chiyani?

Silabasi iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo muiwerenge nokha musanagule ngakhale pepala. Koma maganizo ake amafanana. Mwachitsanzo, pa Art & Design ya Cambridge IGCSE malikisi amagawidwa mofanana pa zinthu zinayi: kusonkhanitsa ndi kujambula zimene mwaona, kuyesa zipangizo ndi njira zosiyanasiyana, kukulitsa ganizo lanu pophunzira kwa aluso ena, ndi kupereka ntchito yomaliza yogwirizana ndi zonsezo. Ndiye kuti chithunzi chokongola chopanda masamba osonyeza kumene chachokera chasiya malikisi ambiri panjira.

Zimene zalakwika ndizing'ambe m'buku langa loyesereramo?

Musang'ambe. Lembani pambali pake chimene chinavuta ndi chimene munachita pambuyo pake. Chongotaya ndi tsamba lobwereza lomwe silikuphunzitsa chatsopano.

Ndili ndi ndalama zochepa. Ndiyambe kugula chiyani?

Mapensulo atatu akukwana: HB yoikira mizere, 2B yojambulira, 6B ya malo akuda bii. Onjezani labala, rula yachitsulo, mpeni wodulira mapepala, tepi ya pepala, botolo la inki yakuda, ndi mabulashi awiri, yozungulira ndi yaphwatalala. Za penti onani funso la mitundu yosanduka matope.

Pamene simuyenera kuumira ndi pa pepala. Pepala la fotokope ndi la 80 gsm (gsm ndi muyezo wa kulemera kwa pepala). Ndi labwino poyesa maganizo ndi pensulo, koma likalawa madzi limakwinyika. La 120 mpaka 160 gsm limapirira inki ndi penti youma pang'ono. Penti yamadzi imafuna la 300 gsm. Ngati lolemera chonchi palibe, viikani lopepukalo m'madzi kwa mphindi zochepa, liyaleni pa thabwa, matani mbali zonse zinayi ndi tepi ya bulauni yonyowetsa ija, ndipo lisiyeni liume litagona. Likauma limakungika ngati ng'oma.

Ndigwiritse ntchito mafonti angati, ndipo ndisankhe bwanji?

Awiri, kapena imodzi yokhala ndi zilembo zoonda ndi zonenepa. Pali magulu awiri akuluakulu. A serif ali ndi timapazi kumapeto kwa mizere, monga Garamond ndi Times New Roman, yomwe inapangidwira nyuzipepala ya The Times ku London mu 1932. A sans serif alibe timapazi, monga Futura ya Paul Renner ya 1927 ndi Helvetica yomwe inatuluka ku Switzerland mu 1957. Kutenga imodzi ku gulu ili ndi ina ku gulu linalo sikumavuta kawirikawiri. Chovuta ndi kuika pamodzi awiri ofanana pang'ono, monga Arial ndi Helvetica: diso limaona kuti pali chosiyana koma limaganiza kuti mwalakwitsa.

Posankha musayang'ane dzina la fonti pa kompyuta. Lembani mawu anu enieni, sindikizani pa kukula kwenikweni, matani pakhoma, ndipo imani pamene wowerenga adzaime.

Mutu wanga ndalemba ndi rula, mipata yonse ndi yofanana, koma ukuonekabe wosakhala bwino. Chavuta n'chiyani?

Rula imayeza mtunda, pamene diso limayeza malo oyera amene atsala pakati pa zilembo. Tengani mawu akuti MALAWI olembedwa ndi zilembo zazikulu. Pakati pa L ndi A pamatsala chimpata chachikulu kumwamba, chifukwa L ilibe kanthu kumeneko ndipo A imapendekera kutali. Pakati pa A ndi W mizere iwiri yopendekeka imayenda limodzi, ndiye mukayeza kuchokera pa phazi la A kufika pa nsonga ya W pamatsala msewu wonse. Pomwe W ndi I, ngakhalenso M ndi A m'munsi mwake, zimaoneka zothinana.

Kukonza kwake kumatchedwa kerning. Lowetsani W pang'ono pamwamba pa phazi la A. L ndi A simungazifinyize kwambiri popeza mapazi ake agundana, choncho mpata wa pamenepo ndiwo ukhale muyezo, ndipo zilembo zinazo muzitalikitse pang'ono kuti zifanane nawo. Ganizani kuti mukuthira mchenga pakati pa zilembo ziwiri zilizonse: mchengawo uzikhala wochuluka mofanana. Poona ngati zatheka, tembenuzani pepala chadodolido kuti musawerenge mawuwo, kapena bisani zilembo zonse kusiya zitatu zokha, n'kuona ngati chapakatikati chakhaladi pakati. Njira yabwino yophunzirira ndi kudula chilembo chilichonse pachokha n'kumazisuntha ndi chala musanamate.

Mawu ambiri owerenga aja akhale aakulu bwanji?

Zilembo zimayezedwa ndi mapointi. Mapointi 72 ndi inchi imodzi, kapena mamilimita 25.4. Za m'buku kapena kabuku kogwira m'manja zikhale pakati pa 9 ndi 12. Mpata wa mizere ukhale pafupifupi 120 mpaka 145 peresenti ya kukula kwa zilembo, kutanthauza kuti zilembo za mapointi 10 zimafuna mizere yotalikirana mapointi 12 mpaka 14 ndi theka. Mzere umodzi ukhale ndi zilembo 45 mpaka 75 kuwerengera ndi mipata yomwe; ukatalika kuposa apo diso limasochera pobwerera kumzere wotsatira. Mafonti awiri a mapointi ofanana akhoza kuoneka osiyana kukula, chifukwa zilembo zazing'ono monga a, e ndi x zimatalika mosiyana. N'chifukwa chake tanena kuti muzisindikiza musanakhulupirire.

Kodi kusanja mawu a Chichewa kuli ndi zake zapadera?

Zilipo, ndipo ophunzira ambiri amagwa pomwepa. Choyamba, mawu athu ndi aatali. Liwu limodzi ngati "sindinawathandize" likhoza kudya theka la mzere wa m'danga lopapatiza, ngati la m'nyuzipepala. Mukauza kompyuta kuti iwongole mbali zonse ziwiri, imatambasula mipata mpaka pamaoneka timitsinje toyera totsika pa tsamba. M'danga lopapatiza wongolani kumanzere kokha, kumanja kuzitha mmene mawu athera.

Chachiwiri, pulogalamu ikamaganiza kuti mukulemba Chingerezi imadula mawu molakwika. Zimitsani kudula kwa makinako, muzidula nokha. Lamulo lake n'losavuta: dulani pambuyo pa a, e, i, o kapena u. Mulembe ku-ndi-tha-ndi-za, osati kun-dit-han-diza. Magulu ngati nkh, mph, ndz ndi ng' asapatukane.

Chachitatu ndi kachizindikiro ka mu ng'ombe, m'nyumba ndi n'chifukwa. Timakagwiritsa ntchito kwambiri, choncho kaoneni pa kukula kwa mutu: kakhale kopindika ngati 9 wamng'ono, ndipo kasasiye chimpata chopangitsa "ng'oma" kuoneka ngati mawu awiri. Chomaliza ndi ŵ wa mu Malaŵi. Ambiri masiku ano samulemba, koma ngati mawu amene mwapatsidwa ali naye, yesani fonti yanu msanga. Mafonti ambiri okongoletsa alibe chilembochi, ndiye kompyuta imaika kabokosi kapena imabwereka ŵ wa fonti ina. Charis SIL, Gentium, Andika ndi Noto ali naye, ndipo ndi aulere.

Ndikufuna kujambula zilembo pamanja. Ndiyambe pati?

Yambani ndi mizere yotsogolera: wapansi pokhala zilembo, wapamwamba wa zilembo zazikulu, ndi wapakati wa zazing'ono. Jambulani mafupa a zilembo ndi mzere umodzi woonda, konzani mipata, kenako muzivala mnofu. Pali zinthu zitatu zimene diso limanamiza. O, C ndi S zidutse pang'ono mzere wapansi ndi wapamwamba, apo ayi zimaoneka zazing'ono kuposa H. Mizere yopingasa ikhale yoonda pang'ono kuposa yoimirira. Kamzere kapakati ka E ndi H kakwere pang'ono pamwamba pa theka.

Pitani mukaime pafupi ndi wolemba zikwangwani ali pa ntchito, mutamupempha. Onani mmene amaikira mizere ya choko, mmene amagwirira bulashi yaphwatalala osaitembenuza, ndi mbali imene amaika mthunzi wa zilembo. Zithunzi ndi zolemba za ulendo wotere ndi kafukufuku weniweni wa m'buku lanu.

Ndadinda ndi lino koma zilembo zatuluka motembenuka, ndipo inki ili mabalamabala.

Lino ndi chinthu chaphwatalala chofewa ngati labala chimene mumagoba kuti chikhale chodindira. Chodindira chilichonse chimatembenuza chithunzi ngati galasi. Jambulani mawu pa pepala loonekera mkati (tracing paper) ndi pensulo ya 6B, tembenuzani pepalalo nkhope yake igone pa lino, ndipo tikitani kumbuyo. Zilembo zidzatsalira pa lino motembenuka kale. Musanagobe, yang'anani pa galasi, makamaka N, S ndi Z. Gobani cholowera kutali ndi thupi, dzanja logwira lino likhale kumbuyo kwa mpeni. Lino ikalimba iikeni padzuwa pang'ono, imafewa.

Mabala amabwera chifukwa cha inki yochepa kapena kusakanikiza mokwanira; inki ikachuluka imadzaza mizere yoonda n'kuimeza. Yendetsani chogudubuza chopakira inki (roller) pa galasi mpaka inki ikhale yopyapyala ndipo ikumveka kaphokoso kofewa, osati kunanda. Ikani pepala, tikitani ndi msana wa supuni mozungulira kuchokera pakati, ndipo tukulani ngodya imodzi kuona musanachotse lonse. Ngati mukudinda mitundu ingapo pa lino imodzi, yambani ndi wowala kutsiriza ndi wakuda, ndipo dindani mapepala ochuluka kuposa amene mukufuna, chifukwa mukagobanso simungabwerere. Matani timakatoni pa thebulo tosonyeza pokhala lino ndi pokhala ngodya ya pepala kuti mitundu izigwera pamalo pomwepo. Lino ikasowa, labala wamkulu, chubu chakale cha tayala chomata pa thabwa, kapena mbale zoyera zogulitsiramo tchipisi zimadinda bwino.

Kodi ndingatenge chithunzi pa intaneti n'kuchijambula?

Kuti muphunzire njira ya mwini wake, inde, bola mulembe dzina lake pambali ndi kunena kuti mwatengera. Kuti chikhale ntchito yanu yomaliza, ayi. Kumeneko n'kuba, ndipo ochonga amazindikira. Chojambula chochokera pa chinthu chenicheni chimakhalanso ndi moyo kuposa chokopera. Ngati mukufuna kalulu, pitani kumene amaweta akalulu, mujambule makumi awiri mwachangu, aliyense theka la mphindi. Ambiri adzakhala makutu ndi msana basi, koma pamenepo mpamene mudzaone mmene miyendo yakumbuyo imapindikira akakhala.

Musanayambe chithunzi chachikulu, pangani tizithunzi tating'ono ngati bokosi la machesi, khumi kapena kuposa, ndi zakuda, zoyera ndi zotuwa zokha. Malo a mutu wa buku muwaike momwemo kuyambira pachiyambi. Zilembo zofunafuna pokhala chithunzi chitatha zimaoneka ngati mlendo wofika nsima itatha.

N'chifukwa chiyani mitundu yanga imasanduka matope ndikasakaniza?

Tinaphunzira kuti wofiira ndi wabuluu zimabala pepo, koma penti ya m'chubu siyera choncho. Wofiira aliyense amatsamira kwina: cadmium red amatsamira ku olenji, kutanthauza kuti ali ndi chikasu mkati, pomwe alizarin crimson amatsamira ku pepo. Ultramarine ndi buluu wotsamira ku pepo, phthalo blue amatsamira kobiriwira. Mukasakaniza cadmium red ndi phthalo blue ndiye kuti mwaikamo mitundu yonse itatu, ndipo itatuyo ikakumana imabala bulauni wothimbirira. Pepo wowala amachokera ku alizarin ndi ultramarine. Wobiriwira wa msipu amachokera ku phthalo blue ndi lemon yellow.

Choncho gulani machubu asanu ndi limodzi, awiriawiri pa wofiira, wabuluu ndi wachikasu, kuphatikizapo woyera wamkulu. Pangani tchati cha timabokosi, mulembe pansi pa kalikonse mitundu ndi kuchuluka kwake, monga "chikasu 3, buluu 1". Posakaniza, thirani wakuda mu wowala pang'onopang'ono. Kadontho ka buluu kamasintha chikasu chambiri. Kuti mtundu uzizire pang'ono musathamangire wakuda: chikasu ndi wakuda zimabala wobiriwira ngati wa asilikali. Thiranimo kadontho ka mtundu wotsutsana nawo, wobiriwira mu wofiira, olenji mu buluu, pepo mu chikasu. Madzi otsukira akhale m'mabotolo awiri. Ndipo dikirani penti iume musanaiweruze: acrylic imada ikauma, penti yamadzi imayezuka.

Mtundu womwewo ukuoneka wosiyana pa masamba awiri. Ndi maso anga kodi?

Ndi maso a aliyense. Michel Eugène Chevreul, yemwe ankayang'anira zonika ulusi ku fakitale ya Gobelins ku Paris, anafotokoza zimenezi mu 1839: mtundu umasinthidwa ndi umene wayandikana nawo. Josef Albers, amene anaphunzitsa ku sukulu ya luso ya Bauhaus ku Germany kenako ku yunivesite ya Yale ku America, ankaphunzitsa zimenezi ndi mapepala odula m'malo mwa penti. Yesani nanunso: dulani timabokosi tiwiri pa pepala limodzi lotuwa, kamodzi muike pa chikasu, kena pa pepo wakuda. Ka pa chikasu kadzaoneka kakuda ndiponso kotsamira ku pepo. Ka pa pepo kadzaoneka kowala. N'chifukwa chake mtundu sausankha uli wokha. Uyeseni pambali pa anzake, pa kukula kumene udzakhale.

Ndiike mitundu ingati, ndipo mawu awerengeke bwanji pamwamba pa chithunzi?

Itatu kapena inayi, umodzi utenge malo ambiri, wina ochepa, wowala kwambiri ukhale pamene mukufuna diso liyambire. Yang'anani chitenje chimene mumachikonda n'kuwerenga mitundu yake. Nthawi zambiri ndi yochepa kuposa mmene mumaganizira.

Chimene chimapangitsa mawu kuwerengeka ndi kusiyana kwa kuwala ndi kuda. Wofiira psuu pa wobiriwira biriwiri amaoneka osiyana, koma kuda kwawo n'kofanana, ndiye m'mphepete mwa zilembo mumachita kunjenjemera, ndipo anthu amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi sawerenga n'komwe. Jambulani ntchito yanu ndi foni, sinthani chithunzicho chikhale chakuda ndi choyera. Mutu ukasowa, ndiye kuti vuto lapezeka.

Ndingapange utoto wanga kuchokera ku dothi ndi zomera?

Inde, ndipo ndi kuyeserera kwabwino kwambiri. Katondo amapereka wofiira, makala ndi mwaye wakuda, tiyi ndi makoko a anyezi abulauni ndi agolide. Dothi liumitseni, lisinjeni, lisefeni pa nsalu yopyapyala, kenako lisakanizeni ndi madzi ndi guluu woyera wa matabwa pang'ono kuti lisasansuke likauma. Utoto wa dothi ndi makala sumasuluka, koma wa zomera umasuluka padzuwa. Pakani mzere, bisani theka lake ndi katoni, usiyeni pawindo milungu iwiri, ndipo muike zotsatira zake m'buku.

Pa kompyuta zinali zowala, kosindikiza zatuluka zakuda ndipo m'mphepete mwadulidwa.

Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, njira ya RGB (wofiira, wobiriwira ndi buluu). Makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi za CMYK (buluu wowala, pinki, chikasu ndi yakuda), zomwe sizingafike pa buluu ndi wobiriwira wothwanima wa pa sikirini; buluu wotere amakonda kutuluka wotsamira ku pepo. Funsani osindikiza njira imene akufuna, ndipo lipirani tsamba limodzi loyesera musanasindikize zonse. Zilembo zazing'ono zakuda zikhale za inki yakuda yokha, imene pa kompyuta imalembedwa K 100, kuti zisaoneke ziwiriziwiri.

Zithunzi zikhale 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, pa kukula kwenikweni. Pa A4 ndiye mapikiselo 2480 ndi 3508. Mtundu wofika m'mphepete upitirire mamilimita 3 kunja kwa podulira, ndipo mawu akhale mamilimita 5 kapena kuposa mkati. Perekani PDF yokhala ndi mafonti mkati mwake, chifukwa kompyuta yawo ikakhala ilibe fonti yanu imaika ina, kerning yonse ija n'kutayika. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document. Chithunzi wamba chimafinyidwa. Inkscape, Krita, GIMP ndi Scribus ndi mapulogalamu aulere okwanira ntchito ya sukulu.

Ndiphunzire kwa aluso ati, ndipo ndilembe chiyani za iwo?

Sankhani amene akuyankha funso lanu. Ngati mukulimbana ndi zilembo zosavuta, onani Herbert Bayer wa ku Bauhaus, amene mu 1925 anapanga zilembo zazing'ono zokhazokha kuchokera ku mizere yowongoka ndi yozungulira. Ngati mukufuna kalembedwe kochokera kuno ku Africa, onani Saki Mafundikwa, amene anatsegula sukulu ya luso ya ZIVA ku Harare mu 1999 ndipo wafufuza kwambiri za zilembo za mu Africa, komanso zilembo za Mwangwego, zimene Nolence Mwangwego anayamba kupanga mu 1979 kuti zilembe zilankhulo za ku Malawi.

Mbiri ya moyo wawo ikhale mizere iwiri basi. Chofunika ndi chimene mwaona ndi chimene mwachita nacho. M'malo molemba kuti "ndakonda mitundu yake", lembani chonchi: "Iye waika wofiira pamalo amodzi okha. Ndayesa zomwezo pa makutu a Kalulu, koma akumeza mutu wa buku, ndiye pa tsamba lotsatira wofiirayo ndamusamutsira pa zilembo."